ULENDO WA TSIKU LIMODZI KU NYUMBA YA MALAMULO

Kucokera ku Rufunsa kufikira pa Manda Hill

 Lero ndifuna kukamba nanu za nyumba imodzi ya mu Lusaka imene dzina lace timalimva masiku onse pa wailesi, koma ambiri a ife sitinalowemo cibadwire. Nyumbayo ndiyo Nyumba ya Malamulo, m'mene aphungu athu amakhala pansi kupanga malamulo ndi kugawa ndalama za dziko.

Ndidzakamba monga ngati tiri pa ulendo pamodzi, ndipo tidzanyamukira ku Rufunsa. Ndasankha Rufunsa pa zifukwa ziwiri. Coyamba, ambiri a inu kwanu ndi kum'mawa, ndipo mseu umenewu ndiwo muyendamo popita kukaona abale. Caciwiri, Rufunsa ali patali ndithu, kotero kuti munthu wa kumeneko angaganize kuti za m'Nyumbamo sizimkhudza. Komanso ali pafupi, kotero kuti munthu yemweyo angathe kupita, kuona ndi maso ace, ndi kubwerera kwao dzuwa lisanalowe.

Kukonzekera ulendo

Akulu anati safunsa anadya phula. Musananyamuke, funsani ngati Nyumba iri kukhala, pakuti aphungu sakhala caka conse. Ali ndi nthawi zopumula, pamene amabwerera ku madera ao kapena kukagwira nchito m'makomiti. Mukafika nthawi yotero mudzaona mipando yokha-yokha. Kofunsa ndi ku ofesi ya Nyumba ya Malamulo imene iri m'dera la phungu wanu, cifukwa dera liri lonse liri ndi ofesi yotere. Ngati muli gulu, monga ana a sukulu, kalabu ya amai, kapena nthambi ya bungwe la anchito, lembani kalata kwa Mlembi Wamkulu wa Nyumba, kuchula tsiku limene mufuna kubwera ndi ciwerengero ca anthu anu, ndipo dikirani yankho.

Nyumba ikhala masiku anai pa sabata. Laciwiri, Lacitatu ndi Lacinai iyamba hafu pasiti 2 koloko masana, koma Lacisanu iyamba 9 koloko m'mawa ndi kuweruka masana. Kwa munthu wa ku Rufunsa tsiku labwino ndilo Lacisanu. Adzayenera kulawirira tambala asanalire kaciwiri, koma adzabwerera kukali koyera, ndipo amene adziwa mapiri ndi makhota a mseu wa kum'mawa adziwanso kuti si mseu wokondweretsa kuyendamo usiku.

Tengani citupa canu ca dziko, cimene ambiri acicha reji. Bvalani zobvala zaulemu, monga mubvala popita ku chalichi kapena kwa mfumu. Tengani kamba wa pa njira, mbatata kapena nsawa, pakuti zakudya za m'tauni zidya ndalama.

Pa mseu wa kum'mawa

Kucokera ku Rufunsa kufika ku Lusaka pali makilomita okwanira ngati 150, ndipo basi iyenda maora atatu kapena kucepera pang'ono. Tinyamuka kukali mdima, mphepo ya m'mapiri iri kulowa pa mazenera. Kumbuyo kwathu tasiya mseu wotsikira ku mlatho wa Luangwa ndi ku Chipata. Dziko limene tiri kudutsamo ndi la Asoli, la mafumu Mpanshya, Shikabeta ndi Bunda Bunda. Kale dziko lonseli linali pansi pa boma la Chongwe, ndipo munthu wofuna kuonana ndi a Boma anayenera kuyenda mtunda wautali. Pambuyo pace Rufunsa anapatsidwa boma lace-lace.

Kukayamba kuca tidutsa pa Chinyunyu, pamene pali akasupe a madzi otentha otumphuka pansi. M'mbali mwa mseu muona matumba a makala ataimikidwa m'mizere, ndi amai ali kuyala tomato ndi nthoci. Yang'anitsitsani zinthu zimenezi, cifukwa tidzazipezanso kumene tiri kupita. Mtengo umene unaochedwa kukhala makala uli ndi lamulo lace. Munda umene munacokera tomatoyo uli ndi lamulo lace. Mseu weni-weniwu, maenje ace ndi milatho yace, udikira ndalama zimene zibvomerezedwa m'cipinda cimodzi ca mu Lusaka.

Tioloka mtsinje wa Chongwe, umene madzi ace atsikira ku Zambezi, ndi kulowa m'tauni ya Chongwe. Pano patsala makilomita ngati 45. Magalimoto ayamba kuculuka. Tipitirira mphambano ya ku bwalo la ndege, limene mu 2011 linachedwa dzina la Kenneth Kaunda. Tidutsa Chelstone ndi Munali, ndipo ku dzanja lamanzere tiona Yunivesite ya Zambia, imene inayamba kuphunzitsa mu 1966. Patsogolo pang'ono, ku dzanja lamanja, pali nyumba ya misonkhano ya Mulungushi, imene inamangidwa mu 1970. Apa uzani kondakitala kuti mutsika, pakuti simufunika kufika m'kati mwa tauni. Nyumba ya Malamulo iri pafupi pomwepo, pa kaphiri.

Phiri la manda ndi cipinda ca mkuwa

Kaphiri kameneka dzina lace ndi Manda Hill. Acinyamata a lero akamva dzinali aganiza za masitolo akulu amene ali m'munsi mwace, koma ife amene tilankhula Cinyanja tidziwa tanthauzo la liu lakuti manda. Mbiri inena kuti pa malo ano panali mudzi wa nyakwawa Lusaaka, amene dzina lace linapatsidwa ku kasiteshoni ka njanji mu 1905, ndipo kucokera pa kasiteshoniko dzina linakula pamodzi ndi mzinda. Cotero munthu wa ku Rufunsa pokwera kaphirika ali kuponda nthaka imene panali mudzi wonga wace, wa nkhokwe ndi makola ndi bwalo la milandu, mzinda usanabadwe.

Pa nthawi ya ufulu mu 1964, aphungu anali kukumana m'nyumba yakale ku Ridgeway, pafupi ndi maofesi a Boma. Malowo anali opanikiza, ndipo atsogoleri anaona kuti dziko latsopano lifunika nyumba yoyenera. Anasankha pamwamba pa kaphiri aka, ndipo nyumba yatsopano inatsegulidwa mu 1967.

Cinthu coyamba cimene maso anu adzagwerapo ndico cipinda cacikuru ca pakati, cimene citumphukira pamwamba pa zipinda zonse. Kunja kwace anakuta ndi mkuwa. Inu a ku Nchanga, ku Nkana, ku Mufulira ndi ku Luanshya, imani pang'ono pamenepa. Mudziwa bwino kumene mkuwa ucokera. Mudziwa kutentha kwa pansi, phokoso la makina obowola mwala, ndi fumbi limene likhala m'cifuwa ca munthu kufikira ukalamba wace. Amene anamanga nyumbayi anafuna kuti mlendo ali yense aone cuma cimene dziko liimirapo. Koma mkuwa sutuluka wokha pansi. Cipinda cimene aphungu akhalamo cinabvekedwa ndi thukuta la atate anu ndi agogo anu.

M'Nyumbamo mudzaonanso cizindikiro ca dziko lathu, comwe cija ciri pa ndalama. Ciyang'aneni bwino. Pansi pa nkhwazi pali khasu ndi piki zopingasana. M'munsi, pamene paima mwamuna ndi mkazi, pali cimanga, mbidzi, ndi nsanja ya pa mgodi. Khasu ndi la mlimi wa ku Rufunsa, piki ndi ya inu a ku migodi. Alonda a pa cipata adzakuchani alendo, ndipo ndi bwino kuwamvera ndi kulola kuti akusecheni monga mwa lamulo lao. Koma cizindikiroco cinena poyera kuti eni ace a nyumbayi ndani.

Masiku amene citseko cinali cotseka

Tisanalowe, ndi bwino tikumbuke kuti kulowa kumeneku sikunali kwa masiku onse. Mu 1924 Boma la Britain linatenga dziko lino m'manja mwa kampani ya British South Africa, ndipo linakhazikitsa bungwe lopanga malamulo, limene linayamba kukumana ku Livingstone. Wapampando anali Bwanamkubwa, ndipo onse okhalamo anali Azungu. Munthu wakuda analibe mpando, ngakhale malamulo opangidwamo anali kulamula msonkho wace, munda wace ndi citupa cace.

Zotsatira zace zinaoneka mu 1935, caka comweco cimene likulu la dziko linasamukira ku Lusaka. Msonkho wa anthu okhala ku migodi unakwezedwa kucoka pa 12s. 6d. kufika pa 15s. Anchito sanafunsidwe, ndipo anangouzidwa zitatha kale. M'mwezi wa May ananyanyala nchito ku Mufulira, kenaka ku Nkana, kenaka ku Roan Antelope ku Luanshya, kumene anthu 6 anaomberedwa ndi kufa. Mu 1940 kunabukanso sitalaka, ndipo ku Nkana kunafa anthu 17. Pamene munthu alibe pakamwa m'nyumba yopangira malamulo, mau ace amatulukira pa cipata ca komboni, ndipo kumeneko amakumana ndi mfuti.

Citseko cinatseguka pang'ono-pang'ono. Mu 1938 Stewart Gore-Browne anaikidwa kuti azilankhulira anthu akuda, koma iye mwini anali Mzungu. Mu 1948 analowa anthu akuda awiri oyamba, Henry Kasokolo ndi Nelson Nalumango. Mu 1951 anawalowa m'malo Dauti Yamba ndi Paskale Sokota, amene anakana cigwirizano ca maiko atatu ca Federation, koma mau awiri sanathe kuletsa, ndipo cigwirizanoco cinakhala kuyambira 1953 kufikira 1963. Mu January 1964 ndi pamene anthu akulu onse anaponya voti, ndipo pa 24 October 1964 dziko linalandira ufulu. Nyumba yoyamba inali ndi aphungu osankhidwa 75, ndipo Sipikala wace anali Wesley Nyirenda.

Kuyambira pamenepo Nyumba yakula pamodzi ndi dziko. Madera anali 105 mu 1968, 125 mu 1973, 150 mu 1991, ndipo pa cisankho ca 2016 ndi ca 2021 anali 156. M'cipinda comweci munabvomerezedwa mu December 1972 kuti dziko likhale la cipani cimodzi, ndipo m'cipinda comweci mu December 1990 lamulolo linasinthidwa kuti zipani zambiri zibwerere. Mu 2021 Mai Nelly Mutti anasankhidwa kukhala Sipikala, mkazi woyamba kukhala pa mpando umenewo.

M'kati mwa cipinda

Tsopano tilowe. Wotsogolera alendo atikweza pa makwerero kufika ku mipando ya m'mwamba, kumene tiyang'ana pansi monga munthu wokhala pa nsanja ya m'munda. Pano pali mwambo wace. Mafoni atsekedwa. Palibe kuomba m'manja, kululuta kapena kuyankha, ngakhale phungu wanu anene mau okoma cotani. Mlendo aona ndi kumva, koma salowerera.

Kutsogolo kuli mpando waukuru wa Sipikala. Pambali pace pali minyanga ya njobvu, ndiponso mkango ndi kambuku zoumikidwa, zimene ana a sukulu amaziyang'ana koposa zonse. Patsogolo pa mpando pali tebulo la alembi. Ku dzanja lamanja la Sipikala kukhala a mbali ya Boma, nduna ziri kutsogolo. Ku dzanja lamanzere kukhala a zipani zotsutsa. Wotsogolera nchito za Boma m'Nyumba ndiye Waciwiri kwa Pulezidenti. Pulezidenti mwini sakhalamo masiku onse. Abwera pa nthawi zoikika kudzalankhula kwa aphungu.

Nthawi ikakwana, onse aimirira. Mkulu wosunga mwambo wa Nyumba alowa atasenza pa phewa ndodo ya ulamuliro, Sipikala ali kumtsata. Ndodoyo aigoneka pa tebulo, ndipo popanda iyo Nyumba siingagwire nchito yace. Pakhala pemphero, ndipo zokambirana ziyamba.

Munthu wa kumudzi sadzadabwa kwambiri ndi mwambo umenewu, pakuti aufanizira ndi bwalo la mfumu. Salankhula anthu awiri nthawi imodzi. Wofuna kulankhula adikira kuti Sipikala amuloze. Phungu salankhula kwa mnzace maso ndi maso, koma apereka mau ace kudzera kwa Sipikala, monga ife tipereka mau kwa mfumu kudzera kwa nduna yace. Kutukwana nkoletsedwa, ndipo wocita mwano angathe kutulutsidwa. Mau onse olankhulidwa alembedwa m'buku lochedwa Hansard, kotero kuti cimene phungu ananena caka catha cingapezeke lero.

Lacisanu liri ndi cokoma cace cina. Tsiku limeneli aphungu afunsa Waciwiri kwa Pulezidenti mafunso amene iye sanawaone kale, ndipo ayenera kuyankha pomwepo. Pambuyo pace pabwera mafunso olembedwa kwa nduna. Phungu afunsa kuti mlatho wakuti udzamangidwa liti, kapena cifukwa ninji cipatala cakuti ciribe mankhwala, kapena alimi amene anagulitsa cimanga adzalandira liti ndalama zao. Nduna iyankha, ndipo aphungu ena aonjeza mafunso. Nthawi zina yankho likhala lomveka, nthawi zina likhala lozungulira. Wokhala m'mwamba aphunzira msanga kusiyanitsa ziwirizi.

Pali zinthu ziwiri zimene zingakukhumudwitseni, ndipo ndi bwino ndikuuzenitu. Coyamba, zokamba zonse ziri m'Cingerezi. Nkhalamba yolankhula Cisoli kapena Cinyanja cokha idzamva phokoso lokha. Cifukwa cace m'gulu lanu mukhale mphunzitsi kapena mwana wa sukulu amene adzalemba mitu ya nkhani ndi kumasulira mukatuluka. Caciwiri, mudzaona mipando ina iribe anthu. Musafulumire kuweruza, pakuti phungu angakhale atatumidwa kwina pa nchito ya Nyumba. Koma mukabwera kawiri katatu ndi kupeza mpando womwewo uli wokha, muli nalo funso loyenera kufunsa.

Njira imene lamulo liyendamo

Kodi lamulo libadwa bwanji? Liyamba ngati bilu, ndiko kuti pepala lonena zimene afuna kuti zikhale lamulo. Kawiri-kawiri ibwera ndi nduna, koma phungu wamba angathenso kubweretsa yace. Iwerengedwa koyamba, dzina lace lokha, ndipo itumizidwa ku komiti ya aphungu owerengeka. Komitiyo iitana anthu odziwa za nkhaniyo, mabungwe a anchito, eni makampani, alimi, ndi ena onse ofuna kunenapo. Ikabwerera, iwerengedwa kaciwiri, ndipo apa ndipo pakhala mtsutso waukuru. Kenaka aphungu aipenda ndime ndi ndime, nasintha pofunika kusintha. Iwerengedwa kacitatu, ndipo ikabvomerezedwa ipita kwa Pulezidenti kuti asaine. Pamenepo yakhala lamulo, lomanga wa ku Kitwe ndi wa ku Shikabeta cimodzi-modzi.

Kuti muone kuti izi si nkhani za m'mabuku cabe, nditenge zitsanzo zokhudza thumba lanu. Mu 2019 Nyumba inapanga lamulo latsopano la nchito. Lina mwa mau ace ndi lakuti wanchito wa pangano la nthawi yaitali, pangano likatha, alandire ndalama yothokoza yosacepera 25 pa 100 ya malipiro ace. Mu 2023 Nyumba inasintha lamulo la penshoni ya NAPSA, kuti munthu amene wasonkha miyezi 60, kapena wafika zaka 45, angathe kutapako 20 pa 100 ya zosonkha zace asanapume pa nchito. Ambiri a inu munaima pa mzere kukatenga ndalamazo. Ena anamangira nyumba, ena zinawathera m'manja. Ngati cinali canzeru kapena ai, mudzaweruza ndinu. Cimene ndinena ine ndi cakuti cinayambira m'cipinda cino.

A ku Rufunsa naonso ali ndi zao. Lamulo la malo la 1995 lilola kuti malo a mfumu asandutsidwe malo a pepala, mfumu ndi khonsolo zikabvomera. Lamulo la migodi linena kuti miyala yonse ya mtengo wapatali iri pansi pa nthaka isungidwa ndi Pulezidenti m'malo mwa dziko lonse, ndipo wofuna kukumba ayenera kukhala ndi laisensi. Ku Rufunsa kuli golide, ndipo anyamata ambiri akumba ndi kusefa m'makwawa. Tsiku limene munthu wacilendo adzafika ndi pepala lonena kuti phiri lakuti ndi lace, mlandu wace udzaweruzidwa ndi mau amene analembedwa pa Manda Hill. Ndi cinthu canzeru kuwadziwa mauwo mlendoyo asanafike.

Nchito ina yaikuru ya Nyumba ndiyo bajeti. Caka ndi caka nduna ya za cuma ibwera kudzanena ndalama zimene Boma lifuna kusonkhetsa ndi m'mene lidzazigwiritsira nchito, ndipo Boma silingatape m'thumba la dziko popanda cilolezo ca Nyumba. Msonkho umene udulidwa pa malipiro anu ndi umene makampani a migodi alipira upimidwa muno. M'bajeti ya 2022 ndalama ya citukuko ca dera liri lonse la phungu, imene muidziwa ndi dzina lakuti CDF, inakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Ndalama yotere ingamange zipinda za sukulu ndi kukumba zitsime zambiri, ndipo ingathenso kusowa ngati madzi othira pa mcenga, anthu akapanda kuilondola.

Zimene mlendo angacite

Tsono wina adzafunsa kuti, nanga ine wokhala m'mwamba, woletsedwa ngakhale kutsokomola mokweza, mphamvu yanga iri kuti? Iripo, ndipo yalembedwa m'Malamulo Akulu a dziko monga anakonzedwa mu 2016. Gawo 89 linena kuti Nyumba ithandize anthu kutengako mbali pa kupanga malamulo, ndi kuti isatsekere kunja anthu kapena atolankhani popanda cifukwa comveka. Gawo 88 linena kuti nzika ingathe kulembera Nyumba kupempha kuti lamulo lipangidwe, lisinthidwe kapena licotsedwe. Agogo athu a mu 1935 analibe njira imeneyi.

Njira yoyamba, tsono, ndiyo kulemba. Komiti ikalengeza kuti ifuna maganizo a anthu pa bilu yokhudza migodi, malo kapena penshoni, nthambi yanu ya bungwe la anchito kapena gulu lanu la alimi likhale pansi ndi kulemba zimene lidziwa. Aphungu ambiri sanatsikepo m'mgodi, ndipo sanasenzepo thumba la feteleza kucokera pa depoti kufika kumudzi. Cimene inu muciona ngati cinthu wamba, kwa iwo ndi umboni. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la nyumba iyi ndi lolemera.

Njira yaciwiri ndiyo kudziwa cimene muyenera kupempha kwa phungu wanu. Ambiri timpempha ndalama ya maliro, ya sukulu, kapena ya basi. Akatipatsa timtama, akatimana timnena. Koma nchito imene tinamtuma ndi ina: kutilankhulira, kupenda malamulo, kufunsa nduna, ndi kulondola ndalama za dziko. Mukaonana naye, mfunseni kuti wafunsa mafunso angati okhudza dera lanu, akhala m'komiti iti, ndipo pa bilu yakuti anaima mbali iti. Za CDF funsani ku komiti ya citukuko ya m'wodi mwanu ndi ku khonsolo, kuti mudziwe nchito zimene zinabvomerezedwa ndi mtengo wace.

Njira yacitatu ndiyo kumvetsera. Amene sangathe kuyenda angatsate zokambirana pa wailesi ya Nyumba ya Malamulo kapena pa wailesi ya kanema. Njira yacinai muidziwa kale: zaka zisanu ziri zonse, pa Lacinai laciwiri la mwezi wa August, nzika yolembetsa ya zaka 18 kapena kuposa iponya voti. Ndipo kwa ana a sukulu amene mudzapita nao, auzeni kuti nzika ya zaka 21 imene inatsiriza Giredi 12 ingathe kuima pa cisankho. Mwana amene lero ali kuyang'ana minyanga ya njobvu ali m'mwamba angadzakhale pa mipando ya pansi.

Kubwerera

Nyumba ikaweruka, tsikani kaphiri, idyani kamba wanu, ndipo kwerani basi ya kum'mawa nthawi ikalipo. Pa njira musagone tulo. Funsanani zimene mwamva, ndipo mphunzitsi amasulire zimene analemba. Mukafika kumudzi kauzeni a nyakwawa ndi anthu pa bwalo, pakuti ulendo wa anthu khumi uyenera kupindulira mudzi wonse.

Inu a ku migodi, popita kwanu pa chuthi mumadutsa mu Lusaka, ndipo ambiri mumataya tsiku lathunthu pa siteshoni kudikira basi. Konzani ulendo wanu kuti tsiku limenelo likhale lokwera pa Manda Hill. Inu a ku Matero, ku Chawama, ku Mtendere ndi ku Kalingalinga, kwa inu ndi ulendo wa minibasi cabe. Anthu anafa ku Luanshya ndi ku Nkana m'masiku amene cipinda copangira malamulo cinali cotsekedwa kwa iwo. Lero mipando ya alendo iripo, ndipo aphungu amalankhula mosamala akakweza maso ndi kuona kuti anthu a kwao ali kumvetsera.

 Inu a shifiti ya usiku, mutsike bwino ndi kutuluka bwino. Ena nonse, gonani bwino.